Flashi ya pa rauta kapena NAS: ext4, exFAT kapena NTFS?

Musanafomate flashi kapena SSD yomwe mukufuna kulumikiza ku rauta kapena ku NAS ya kunyumba (kabokosi kosungira mafayilo pa netiweki), dziwani kaye ngati izikhala pompo kapena muziizula n'kupita nayo kuntchito. Mafoni ndi malaputopu amene akutenga mafayilo kudzera pa Wi-Fi saona filesystem ya flashiyo, dongosolo losanjira mafayilo monga ext4, exFAT kapena NTFS. Amalankhula ndi Samba, pulogalamu yogawa mafayilo pa netiweki, ndipo rauta kapena NAS ndi imene imawerenga ndi kulemba. Choncho ngati simuizula, musaganize za Windows. NAS za Synology ndi QNAP, komanso marauta a OpenWrt (pulogalamu yoyendetsa rauta), zonse zimayendera Linux, ndipo kwa Linux ext4 ndi kwawo.

Chifukwa chachikulu chosankhira ext4 ndi magetsi. Kuno ku Lilongwe amatha kuzima fayilo ili mkati molembedwa. Ext4 ili ndi journal, kaundula momwe imayamba yalemba zomwe ikufuna kusintha isanazisinthe. Magetsi akabwerera imayang'ana m'kaundulamo n'kudzikonza yokha m'masekondi ochepa. Fayilo yomwe inali m'njira mutha kuitaya, koma mafoda ena onse amakhala bwinobwino. FAT32 ndi exFAT zilibe kaundula ameneyu, n'chifukwa chake foda yonse ya zithunzi za ukwati imatha kusanduka mayina osawerengeka.

FAT32 ingoisiyani. Siilandira fayilo yoposa 4 GB, ndipo filimu imodzi ya bwino imapitirira pamenepo.

ExFAT ndi ya flashi yoyendayenda. Windows ndi macOS zonse zimaiwerenga ndi kuilemba, ndipo Linux inaiika mu kernel, mtima wake, kuyambira pa kernel 5.4 m'chaka cha 2019. Marauta akale sakuidziwa, ndiye onani kaye buku la rauta yanu. ExFAT siisunganso zilolezo za Linux, kutanthauza kuti simungatsekere ana foda ina n'kuwatsegulira ina pa flashi yomweyo mwa njira ya filesystem. NTFS ili ndi kaundula, koma marauta ambiri amaiwerenga kudzera pa pulogalamu ya ntfs-3g, yomwe imatopetsa purosesa yaing'ono, liwiro n'kutsika kwambiri. Vuto lina: mukaizula pa Windows osaichotsa mwadongosolo, kapena kompyuta itazimitsidwa Fast Startup (njira ya Windows yoyakira msanga) ili yoyatsa, Linux imatha kukana kulembapo. F2FS, yomwe Samsung inapangira flashi, imagwira bwino pa OpenWrt, koma ikavuta n'kovuta kupeza kompyuta ina yoiwerenga. Btrfs imazindikira fayilo yoonongeka, komabe pa rauta ya RAM 128 MB ndi katundu wolemera.

Musanachite china chilichonse, iyeseni flashiyo. Zina zogulitsidwa motchipa m'mbali mwa msewu zimalembedwa 1 TB pomwe mkati muli malo ochepa kwambiri. Imalandira mafayilo mwakachetechete, kenako n'kumalemba pamwamba pa akale, ndipo palibe filesystem yomwe ingakupulumutseni. Pa Windows gwiritsani ntchito H2testw, pa Linux f3probe. Kuyesaku kumafuna flashi yopanda kanthu.

Pa NAS kufomata n'kosavuta, mumangosankha ext4 pa tsamba la zida za USB. Pa OpenWrt ikani mapulogalamu awa: block-mount, kmod-usb-storage, kmod-fs-ext4 ndi e2fsprogs, ndipo ngati ndi SSD onjezerani kmod-usb-storage-uas. Onetsetsani dzina la flashiyo ndi lamulo la block info, chifukwa mukalakwitsa chilembo chimodzi mufufuta ina. Kenako lembani izi, mukuika dzina la flashi yanu m'malo mwa /dev/sda1:

mkfs.ext4 -m 0 -L nyumba /dev/sda1

Ka -m 0 n'kofunika. Popanda iko, ext4 imasungira root (akaunti yaikulu ya Linux) 5 peresenti ya malo, zomwe pa 256 GB ndi pafupifupi 13 GB yongokhala. Poilumikiza gwiritsani ntchito UUID, nambala yake yoizindikiritsa, osati /dev/sda1, popeza dzinali limasintha mukalowetsa flashi yachiwiri. Ikaninso noatime, kuti isamalembe kanthu nthawi iliyonse munthu akangotsegula fayilo. Ena amalangiza kuchotsa journal kuti flashi ikhalitse. Kumene magetsi sadalirika, musatero.

Apa ndi pamene ambiri amakodwa: foda ikuoneka pa laputopu koma ikukana kulandira fayilo. Flashi ilibe mlandu. Ext4 yongofomatidwa kumene imakhala ya root, ndiye perekani fodayo kwa dzina lomwe Samba ikugwiritsa ntchito, ndi chown -R dzina /mnt/nyumba.

SSD ikamazimiririka mukukopera mafayilo akuluakulu, yang'anani mphamvu musanaganizire filesystem. Doko la USB 2.0 limapereka 500 mA, la USB 3.0 limapereka 900 mA, ndipo adaputala ya rauta nthawi zambiri imakhala yongokwanira rautayo. Habu ya USB yokhala ndi adaputala yake imathetsa zimenezi. Ka UPS kakang'ono ka 12 V, kabatire komwe ambiri amagulira Wi-Fi kuti isazime magetsi akathima, kamatetezanso flashi.

Flashi wamba siyenera kulembedwa usana ndi usiku, monga ndi makamera a CCTV kapena matorenti. Ntchito imeneyo ipatseni SSD. Mukaona kuti magetsi atazima foda yayamba kukana kulemba, chotsani flashiyo ndi lamulo la umount, kenako e2fsck -f /dev/sda1. Ikakanabe kulemba ngakhale pa kompyuta ina ya Linux, ndiye kuti flashiyo yadzitseka yokha chifukwa yatha, koperani zonse tsiku lomwelo.