Mukawina lotale, musathamangire kugula puloti

Ambirife kuno ku Harare tikamalota zowina lotale, choyamba m'mutu ndi puloti. Ndalama zimapsera pomwepo.

Tikiti sainani kuseri, ndipo musalengeze. Ndalamazo zikhale ku banki m'madola a ku America, chifukwa ZiG, ndalama ya kuno ku Zimbabwe, inagwa mphamvu ndi maperesenti oposa 40 tsiku limodzi lokha mu Seputembala 2024.

Pogula puloti, musalipire kalikonse musanakafufuze ku Deeds Registry, ofesi ya boma yolembetsera umwini wa malo. Dzina la pa title deed, chikalata chaumwini wa malowo, lifanane ndi la pa chitupa cha wogulitsa, chilembo ndi chilembo. Ngati malowo alibe deed, kafunseni kukhonsolo ngati ndi ovomerezeka kumangapo. Ndalama zidutse kwa loya wosintha umwini, osati m'manja mwa wogulitsa. Akamberembere amagulitsa ngakhale madambo, ndipo nyumba zomangidwa pamenepo zimagwetsedwa, zina zitafoleredwa kale malata.