Batire limangotha msanga pa ESP32, nazi zomwe ndinachita

Ndikupanga kachipangizo koyeza chinyezi m'dimba la kachewere kuno ku Ulongué ku Mozambique, kamatumiza manambala pa LoRa (wailesi yotumiza uthenga patali ndi magetsi ochepa) kufika kunyumba. Bodi yake ndi ESP32 DevKit (kakompyuta kakang'ono koyendetsa kachipangizoka), batire lochajidwa la mtundu wa 18650. Khodi ndinaiika kuti izigona deep sleep (kuzimitsa pafupifupi zonse kuti isadye magetsi), kudzuka pa mphindi 30 zilizonse, kuyeza nkugonanso, koma batire silimakwanitsa ngakhale sabata zingapo.

Nditaika multimeter (choyezera magetsi) pakati pa batire ndi bodi ndinapeza kuti ikagona ikudyabe magetsi ma milliamp angapo, pomwe chipi cha ESP32 pachokha chikagona chimadya pafupifupi 10 µA basi (µA ndi microamp, ma microamp 1000 ndiye milliamp imodzi, 1 mA). Akuba magetsi anali ena pabodipo: regulator ya AMS1117 (yotsitsa voteji kufika 3.3V) yomwe payokha imadya pafupi 5 mA ngakhale palibe chikuchitika, komanso kababu kofiira koyaka usiku ndi usana kaja, kopanda ntchito m'dimba.

Ndiye ndinatenthetsa soldering iron nkuchotsa kababuko ndi AMS1117 yo, mmalo mwake ndinaika regulator ina yosadya magetsi ambiri, HT7333, kulowetsa pa pini ya 3V3 (ya magetsi a 3.3V). Apa pali kamsampha anzanga, HT7333 imangopereka 250 mA ndiye bodi ikadzuka imazima nkuyambiranso, ndinaonjezera capacitor (kosunga magetsi pang'ono) ya 470 µF zinatheka. Sensa ndinaichotsa pa 3V3 nkuilumikiza ku GPIO (pini yomwe khodi imatha kuyatsa ndi kuzimitsa) kuti iziyaka pokhapokha poyeza, LoRa nayo ndimaiuza igone ndisanagoneke ESP32.

Pano ikagona multimeter ikusonyeza ma microamp. Zida zina monga HT7333 kuno nzosowa, ndinachita kuitanitsa kwa mnzanga wa ku Tete mtauni.