Mmene ndinathetsera kudumpha kwa singano ya galamafoni pa chimbale chakale

Chimbale cha nyimbo za folk cha 1971, chomwe ndinachisaka kwa zaka zitatu, chinkadumpha pamalo amodzimodzi m'nyimbo yachiwiri, pomwe gitala amatsala yekha. Mtima unandiwawa. Ndinkaganiza kuti chinakandika, poti chokandika sichichira.

Nditachiunika chapambali ndi tochi, ndinaona kuti si chipsera ayi, koma kadothi kouma komatirira m'kamzere momwe singano imadutsa. Ndinasakaniza madzi otcheza, opanda mchere uliwonse, ndi kadontho kamodzi ka sopo wotsukira mbale. Madzi apampopi ndinawapewa chifukwa akauma amasiya zoyerayera m'mizeremo. Ndinapukuta ndi kansalu kofewa mozungulira, motsata mizere, osaidula, ndikusamala kuti pepala la pakati lisanyowe. Kenaka ndinatsukuluza n'kuchiimika kuti chiume chokha. Mowa wa isopropyl, wotsukira zinthu osati womwa, ena amaugwiritsa ntchito pa zimbale za pulasitiki wa vinyl, koma pa zimbale zakalekale za utomoni wa shellac zozungulira ka 78 pa mphindi musayerekeze, umazisungunula.

Kuthetheka kunachepa, koma kudumpha kunalipobe.

Vuto lenileni linali mkono wa galamafoni. Nditaika singano pa kasikelo kakang'ono, inkakanikiza ndi galamu imodzi yokha, pamene opanga anati pafunika magalamu awiri. Ambiri amaopa kuti kulemera kumadya chimbale, koma singano yopepuka ndiyo imawononga kwambiri, chifukwa imanjanja n'kumagunda makoma a mzere. Ndinapotokola cholemera chakumbuyo kwa mkono mpaka sikelo inasonyeza 2, ndi anti-skate, yemwe amaletsa mkono kukokekera pakati pa chimbale, ndinamuikanso pa 2.

Gitala uja anadutsa bwinobwino, mpaka ndinamva zala zikukhulana ndi nsambo. Chimbalecho ndachichotsa m'chikwama chake chakale chapepala chomwe chinkanyenyeka, ndachiika m'chatsopano chosakoka fumbi.