Momwe mungalowere m'misonkhano ya ophunzira yokambirana za luso lamakono mu Blantyre, ngakhale mulibe digiri

Aliyense wokwera minibasi kuchokera m'tauni kupita ku Limbe amadutsa pa Ginnery Corner n'kuona mpanda wa MUBAS, sukulu ija ambirife timaitchulabe kuti Poly. Kuseri kwa mpandawo, komanso ku KUHeS, sukulu ya zaumoyo ya chapafupi ndi chipatala cha Queens, kumachitika misonkhano yokambirana nkhani zomwe timagona nazo n'kudzuka nazo: ndalama za pafoni, ziphaso za unzika, makina a m'chipatala, mbiri yathu yomwe makampani amasunga m'makompyuta awo. Ina mwa misonkhanoyi n'njotsegukira aliyense, koma pamipando pamakhala nkhope zomwezomwezo. Ejenti wa Mpamba wa pamsika wa Ndirande, yemwe amaona ndi maso ake anthu akuberedwa ndi mauthenga onama aja oti "ndalama ija mutumize pa nambala iyi", sanapondemo phazi. Ine ndikuti alowe, chifukwa ali ndi zomwe aphunzitsi a m'katimo alibe. Njira yake nayi.

Yambani ndi funso lanu

Musanasake msonkhano, khalani pansi ndi kope n'kulemba chinthu chimodzi chomwe chimakuvutitsani maganizo pa ntchito yanu kapena m'dera lanu, chokhudza foni, kompyuta, intaneti kapena makina ena aliwonse. Chikhale chomwe munachiona nokha. Mphunzitsi wa ku Chilomoni angafunse chifukwa chomwe matabuleti a ana amakhalira otsekeredwa mu ofesi. Wokhala ku Chilobwe angafunse ngati chenjezo la namondwe Freddy mu Marichi 2023 linafika m'mafoni a anthu a m'munsi mwa phiri la Soche m'mawu omwe akanawamva n'kudziwa kothawira. Wogulitsa pamsika angafunse kuti kodi zomwe tinalembetsa pomwe boma limapereka ziphaso za unzika mu 2017, kenako polembetsa masimukhadi, ali ndi chilolezo choziona ndani.

Musaderere funso lanu poti ndi la kumsika. Makina a Pumani, omwe amathandiza makanda obadwa masiku osakwana kuti azipuma, anapangidwa pa mgwirizano wa Rice University ya ku America ndi madokotala komanso anamwino a ku Queens konkuno. Chinawabala ndi vuto lomwe namwino aliyense wa m'wodi ya ana ankalidziwa: makina a kunja ndi okwera mtengo, ndipo akangowonongeka ndi fumbi kapena kuthimathima kwa magetsi amangounjikidwa pakona, chosinthira palibe. Oyamba aja anawapanga ndi timapampu topopera mpweya m'madzi a nsomba zoweta m'nyumba. Nacho Chipatala cha pa Foni, komwe anthu amaimba foni kuti alandire uphungu wa zaumoyo, chomwe chinayambira ku Balaka mu 2011, maganizo ake anatuluka pa mpikisano womwe Amalawi anapemphedwa kutumiza nzeru zopulumutsira amayi ndi ana. Ochita kafukufuku ali ndi mabuku ndi njira zoyezera zinthu, koma za m'wodi ya usiku kapena za pa kauntala ya ejenti amadalira kuuzidwa.

Dziwani makomo ake

Kuchokera mu 2021, pomwe University of Malawi inagawidwa, Blantyre ali ndi sukulu zaukachenjede za boma ziwiri zoima pazokha. Ku MUBAS ndi komwe kuli a zomangamanga, a makompyuta, a utolankhani ndi a zamalonda, ndipo kuli malo otchedwa UniPod, omwe anakhazikitsidwa mothandizidwa ndi UNDP kuti achinyamata aziyeserako kupanga zipangizo. KUHeS inaphatikiza College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing, ndipo imakhala ndi msonkhano waukulu womwe ochita kafukufuku amafotokozerapo zomwe apeza. Pabwalo la Queens pomwepo pali bungwe la Malawi-Liverpool-Wellcome, lomwe lili ndi gawo loona zokambirana ndi anthu a m'madera. Omvera wailesi angakumbuke pologalamu yawo ya Umoyo Nkukambirana. Kwa munthu woyamba kumene, khomo losavuta kugogoda ndi limeneli, poti kulankhula ndi anthu wamba ndiyo ntchito yawo.

Ngati thumba likulola, MUST ili ku Ndata m'boma la Thyolo, ndipo UNIMA ili ku Zomba, komwe kuli a zamalamulo ndi a chikhalidwe cha anthu. Mkangano wabwino wokhudza ufulu wa munthu pa intaneti nthawi zambiri umakoma ukakhala ndi loya, osati akatswiri a makompyuta okhaokha. Musaiwale laibulale ya Society of Malawi pa Mandala House, nyumba ya 1882 ija, ngati mukufuna kuona momwe makolo athu analandirira njanji ndi lamya. Bungwe la MACRA ndi la ICTAM, la akatswiri a makompyuta, nawo amachititsa zokambirana zawo.

Kumva kuti msonkhano uliko

Apa ndi pomwe ambiri amagwera, chifukwa uthenga umatuluka mochedwa, nthawi zina kutangotsala masiku atatu. Tsatirani masamba a Facebook ndi LinkedIn a sukulu ndi mabungwe ndatchulawa, ndipo muziwatsegula dala kamodzi pa sabata m'malo modikira kuti foni ikuonetseni yokha. Muziyang'ananso malonda a mu The Nation ndi The Daily Times. Zolengezazi zimalembedwa m'Chingerezi, ndiye mawu ake muwazolowere. Mukaona public lecture, dziwani kuti ndi nkhani yomwe katswiri amakamba pagulu ndipo kawirikawiri kulowa n'kwaulere. Symposium kapena conference ndi msonkhano wa tsiku lonse kapena masiku angapo, ndipo wambiri umakhala wolipira. Call for abstracts ndi kuitana anthu ofuna kudzalankhula.

Koma njira yomwe sinandigwiritsepo mwala ndi yakale ija. Pitani nokha ku dipatimenti, mupereke moni bwinobwino kwa alembi a pa ofesi, munene dzina lanu ndi ntchito yanu, n'kufunsa ngati pali zokambirana zotsegukira anthu akunja mwezi uno. Alembi amadziwa za holo yomwe yasungitsidwa uthenga usanafike pa Facebook. Potuluka muwerenge bolodi la zidziwitso.

Kulembetsa, ndi nkhani ya alawansi

Akati lembetsani pa fomu ya pa intaneti, lembetsani tsiku lomwelo. Pamalo pofunsa bungwe lomwe mukuchokera musaname. Lembani ntchito yanu yeniyeni, kaya ndinu wokonza mafoni ku Limbe, kaya wa komiti ya zaumoyo m'dera lanu. Msonkhano ukakhala wolipira, lemberani okonza kalata yaifupi yofunsa ngati pali mtengo wa ophunzira kapena mpata wothandiza ntchito, monga kulembetsa alendo pakhomo, kuti mulowe ulere. Choipitsitsa chomwe angakuyankheni n'chakuti ayi.

Ndinene mosabisa. Tinazolowera kuti msonkhano ndi pepala losainira ndi envulopu ya madzulo. Misonkhano ya ophunzira yambiri ilibe zimenezo, mwina tiyi ndi samusa basi. Ndinaonapo bambo wina akuzungulirazungulira pa tebulo la pakhomo nkhani itatha, kufunsa kuti pepala lachiwiri lili kuti, mpaka mtsikana wolembetsa alendo kusowa poyang'ana. Konzani nokha ya minibasi kapena ya kabaza, yopita ndi yobwerera. Tengani chiphaso chanu poti alonda a pageti amachifuna, kope ndi cholembera, ndipo fikani msanga kuti mupeze holo, chifukwa nyumba za m'masukuluwa zimasocheretsa mlendo.

Ukakhala wa pa Zoom, onani ndandanda ya ESCOM dzulo lake, tchajani foni ndi pawabanki, gulani bandulo yokwanira, ndipo zimitsani kamera ndi maikolofoni yanu. Kamera imadya bandulo, pomwe maikolofoni yosiyidwa yotsegula imamvetsa anthu onse tambala wa kwa aneba.

Mukalowa m'holo

Theka la zomwe zidzanenedwe mwina simudzazimva, makamaka akayamba kuonetsa manambala ndi mizere pa khoma. Zisakudetseni nkhawa, ngakhale madokotala a mbali ina amasochera pomwepo. Gwirani zinthu zitatu zokha: anafunsa chiyani, anafunsa ndani komanso kuti, ndipo anapeza chiyani. Chachiwiricho ndiye chuma chanu. Kafukufuku wa ndalama za pafoni yemwe anafunsa ophunzira a pasukulu okhaokha sanganene za agogo a ku Lunzu omwe amapereka foni ndi nambala yachinsinsi kwa mdzukulu kuti akawatapire ndalama.

Nthawi ya mafunso ikakwana, kwezani mkono msanga, chifukwa wapampando amatenga atatu kapena anayi n'kutseka. Nenani dzina ndi ntchito yanu m'mpweya umodzi, kenako zomwe munaona, kenako funso. Mwachitsanzo: "Zikomo apampando. Ine ndine ejenti wa ndalama za pafoni ku Bangwe. Makasitomala anga ambiri achikulire sawerenga uthenga wobwera pafoni, amandipatsa ine kuti ndiwawerengere. Kodi a dokotala, pa kafukufuku wanu munawawerengera anthu oterewa?" Basi, khalani pansi. Pali matenda ena a m'misonkhano oti munthu amaimirira kuti afunse, n'kuyamba kukamba nkhani yakeyake mphindi zisanu, pomaliza funso osaoneka. Musatengere. Ngati Chingerezi chikukulemerani, pemphani kufunsa m'Chichewa. M'holo ya mu Blantyre simungasowe womasulira, ndipo funso lomveka m'Chichewa limaposa lopotoka m'Chingerezi.

Pa tiyi musathamangire mlendo wolemekezeka, yemwe amakhala atazingidwa kale. Pezani wophunzira wa masitazi kapena wa PhD yemwe anaima pafupi ndi chipepala chake chachikulu chomata pakhoma, anthu akungomudutsa. Ameneyo ndiye amapita kumudzi kukafunsa anthu, ali ndi nthawi yocheza, ndipo mawa adzafuna womuthandiza kulowa m'dera lanu. Pasanathe masiku awiri mulembereni uthenga womukumbutsa kuti ndinu ndani ndi zomwe munakambirana.

Kuchoka pa mpando wa omvera

Mukapita kawiri katatu, mtima udzayamba kufuna kuti nanunso muime kutsogolo. Chofunika ndi chidule cha nkhani yanu, chomwe amachitcha abstract, nthawi zambiri cha mawu 250 kapena 300: vuto ndi lotani, munachita chiyani, munapeza chiyani, ndipo zikutanthauzanji. Musapyole mawu omwe anena, ndipo tsiku lotsekera ndi lotsekeradi. Koyamba ndi bwino kulemba limodzi ndi wophunzira kapena mphunzitsi uja munadziwana naye.

Chenjezo lalikulu lili apa. Kufotokoza zomwe mwaona pa ntchito yanu ndi nkhani ina, kuyenda ndi mafomu kufunsa anthu za matenda awo kapena ndalama zawo ndi nkhani inanso. Kafukufuku wokhudza anthu amayenera kuvomerezedwa kaye ndi komiti yoona za ufulu wa ofunsidwa, monga ya ku KUHeS kapena makomiti a pansi pa National Commission for Science and Technology, ndipo msonkhano wolongosoka udzakufunsani nambala ya chilolezocho. Kuonjezera apo, dziko lino lili ndi lamulo la 2024 loteteza mbiri ya munthu, Data Protection Act, pambali pa lija la 2016 lokhudza zochitika pa intaneti. Mayina, manambala a foni ndi zithunzi za makasitomala kapena odwala musaziike pa khoma la msonkhano.

Mwayi wa kunja, ndi akamberembere ake

Amene mumakonda za AI, makompyuta aja ophunzira kuchokera ku zomwe awadyetsa, sakani Deep Learning Indaba, msonkhano womwe unayambira ku Johannesburg mu 2017 ndipo umayendayenda m'maiko a mu Africa. Uli ndi ana ake otchedwa IndabaX omwe amachitikira m'maiko osiyanasiyana, lililonse palokha, ndipo Malawi wakhala akuchititsa wake. Nkhani ya Chichewa m'makinawa, kuti amachimva motani ndipo mawu owaphunzitsira akuwatenga kwa yani, ikufuna anthu odziwa chinenerochi, osati odziwa masamu okha. Okonda za malamulo ndi ufulu pa intaneti ayang'ane African School on Internet Governance, yomwe inayamba mu 2013, ndi msonkhano wa pachaka wa FIFAfrica wokonzedwa ndi bungwe la CIPESA la ku Kampala. Amene muli ndi digiri yoyamba, Chevening imalipirira masitazi ku Britain kwa omwe agwirapo ntchito zaka ziwiri, ndipo mafomu ake amatsegulidwa cha mu Ogasiti. Beit Trust imathandiza a ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe okha, choncho opikisana nawo ndi ochepako.

Kufunsira mwayi wa Chevening salipiritsa. Mukalandira uthenga woti mwasankhidwa kupita ku msonkhano ku Canada kapena ku Dubai womwe simunafunsire, tikiti ndi hotela zaulere koma mutumize kaye ya fomu kapena ya viza pa nambala ya munthu, fufutani. Palinso misonkhano ina ya pa intaneti yomwe imavomera chidule chilichonse tsiku lomwelo bola mulipire madola. Satifiketi yake aphunzitsi a pa MUBAS amaizindikira akangoiona. Musanatulutse khobidi, onetsani kalatayo kwa mmodzi wa anthu munadziwana nawo pa tiyi aja.

Pafupifupi mwayi uliwonse mwa umenewu umafuna kalata ya munthu wokuchitirani umboni, ndipo mphunzitsi salembera munthu yemwe wangomuona lero. Mupempheni kukadali milungu itatu kapena inayi, mumutumizire CV yanu ndi chikalata cholengeza mwayiwo, ndipo onani pasipoti yanu: maiko ambiri amafuna kuti ikhale idakali ndi miyezi isanu ndi umodzi isanathe ntchito.