Momwe mungapezere malo odulidwa m'kanema osachita kumuonera yense

Kasitomala wabwera ndi kanema wa ukwati wa maola atatu, wolumikizidwa kale, akuti mumupatulire perekaniperekani yekha woti aike pa WhatsApp. Kuno ku Nchalo ntchito zotere sizisowa. M'malo mokhalira kumuonera yense ndi kutentha kwa kuno ku chigwaku, isiyireni kompyuta ikupezereni pamene shoti iliyonse (kachigawo kojambulidwa kamodzi osadukiza) yathera.

Kompyutayo sidziwa mkwatibwi kapena ankhoswe ayi. Kanema ndi zithunzi zondondozana, kawirikawiri 25 kapena 30 pa sekondi, ndiye iyo imangoyerekeza mitundu ndi kuwala kwa chithunzi chilichonse ndi chotsatira chake. Zikasiyana kwambiri mwadzidzidzi, imati apa adadula.

Choyamba ikani mapulogalamu awiri pa kompyuta: Python (yoyendetsera pulogalamu yopeza malo odulidwa, ya scenedetect) ndi FFmpeg (yodulira kanema), kenako tsegulani windo lolembamo malamulo (Command Prompt kapena Terminal) n'kulemba:

pip install scenedetect opencv-python

Zonsezi n'zaulere, bandulo imangofunika potsitsa basi. Mukatero, m'windo lomwelo lowani mufoda muli kanemayo n'kulemba izi, pamalo pa ukwati.mp4 muike dzina la kanema wanu:

scenedetect -i ukwati.mp4 detect-content list-scenes save-images

Mupeza failo ya CSV (mndandanda wotsegulidwa ndi Excel) yoonetsa nthawi imene shoti iliyonse yayambira ndi kuthera, komanso zithunzi zitatu za shoti iliyonse. Zithunzizo ziyang'aneni ndithu, musazidumphe.

Pagona nkhani ndi pa muyezo wa kusiyanako. Pulogalamuyi imabwera ndi 27. Pa perekaniperekani, ojambula zithunzi akamathwanimitsa fulashi, anthu akuponya ndalama, kamera ikuthamangira uku ndi uku, imaona ngati padulidwa pomwe sipanadulidwe. Ine ulendo woyamba idandinyenyera gule mmodzi yekha kukhala tizidutswa tosawerengeka. Zikatero kwezani muyezo polemba detect-content -t 35, kapena sinthani n'kuika detect-adaptive, amene amayamba waona kaye ngati zithunzi zoyandikana nazo zikugwederanso.

Palinso vuto lina lotembenuza. Mashoti awiri ojambulidwa m'mphepete mwa munda wa nzimbe, pansi kubiriwira, kumwamba mbee, amafanana moti kompyuta imangodutsa osaona mpatawo. Apo tsitsani muyezo, yesani 20. Pamene chithunzi chimazilala pang'onopang'ono mpaka kuda bii, gwiritsani detect-threshold.

Mndandanda ukakukhutiritsani, bwerezani lamulo lija koma kumapeto muike split-video. Shoti iliyonse ituluka payokha ndi nambala yake, inu n'kungotola za perekaniperekani zija. Kudulaku kumatenthetsa laputopu, choncho isanjikeni pa njerwa ziwiri kuti mpweya uzidutsa pansi, ndipo ngati n'kotheka muyambe m'mamawa dzuwa lisanakwiye.