Masamba a pabwalo asapite ku Mzedi: momwe mungapangire manyowa pakhomo m'tauni

Ikafika Ogasiti, mitengo imayoyola masamba ngati yachita kutumidwa. Musesa m'mawa, pofika madzulo pabwalo padzazanso. Ambirife timangounjika pakona n'kuyatsa moto, utsi n'kumanunkhitsa zovala za aneba pachingwe. Ena amalongedza m'matumba kudikira galimoto ya khonsolo, imene m'malokeshoni ambiri sifika n'komwe. Ikawanyamula, masambawo amakathera ku Mzedi ngati muli ku Blantyre, kapena ku Area 38 ngati muli ku Lilongwe, kumene amakasakanikirana ndi majumbo ndi magalasi osweka. Momwe feteleza wadulira masiku ano, kumeneku n'kutaya chuma. Galimoto izinyamula zosaola zokha, zoola zizitsala pakhomo.

Yambani ndi kupatula. Masamba ouma, udzu wotchetcha, mapesi, makoko a nthochi ndi a mbatata, zotsala posadzula ndiwo zamasamba, zonsezi ndi za pamulu. Majumbo, mabotolo, mabatire ndi matewera otaya apite m'bini. Mafupa ndi nyama yotsala musaikemo, mungaitane makoswe ndi agalu a mudzi wonse. Ndowe za agalu ndi amphaka nazonso ayi, chifukwa zimakhala ndi tizilombo todwalitsa anthu. Tomato amene anagwidwa ndi chiwawu ndi udzu wobereka kale njere muziike padera, apo ayi mudzabwezera matenda ndi tchire m'dimba lanu lomwe. Masamba a bulugamu ndi a paini amachedwa kuola, choncho akhale ochepa. Nthambi zikuluzikulu ndi nkhuni. Timitengo tating'ono tiduleni ndi chikwanje.

Kenako sankhani malo apamthunzi, monga pansi pa mango, kutali pang'ono ndi khoma la nyumba chifukwa cha chiswe, komanso kutali ndi chitsime. Mulu ukhale mita imodzi mulitali, mita imodzi mulifupi, ndipo mukamaliza kusanja ufike m'chiuno kapena kupitirira. Kamulu kakang'ono sikatentha, kamangouma. Nyengo yadzuwa ndi bwino kukumba dzenje lakuya theka la mita kuti chinyezi chisathawe, koma ngati mukuyamba mvula itagwa kale, unjikani pamtunda, chifukwa dzenje limasanduka chithaphwi.

Posanja, pansi penipeni yalani timitengo tija ndi mapesi, masentimita 15 kapena 20, kuti mpweya uzilowa. Pamwamba pake masamba ouma okwana masentimita 20 mpaka 30, kenako zaziwisi za theka la muyeso umenewo. Mukatero wazani zitosi za nkhuku kapena ndowe za mbuzi, muwaze kadothi pang'ono, n'kuthira madzi. Bwerezani choncho mpaka mulu utakwera. Zaziwisi ndi zitosi ndizo zimapatsa mphamvu tizilombo timene timaoletsa. Masamba ouma okhaokha atha kukhala chaka osasintha. Ngati zaziwisi zikusowa, pitani pamsika madzulo: masamba a kabichi ndi tomato woonongeka amangotayidwa. Masamba a deliya, uja wamaluwa achikasu wa m'mbali mwa msewu, ndi abwinonso kwambiri. Phulusa lisapitirire dzanja limodzi kapena awiri pamsanjiko uliwonse, chifukwa likachuluka limathawitsa mphamvu ya m'zitosi.

Pamene anthu ambiri amalakwitsa ndi pamadzi. Masamba a mango ndi a mapeyala akauma, madzi amangoyenderera pamwamba, m'kati muli gwa. Munthu amathira ndowa ziwiri pamwamba pa mulu n'kumati watha, patatha miyezi itatu afukula, apeza masamba ali momwe anawaikira. Nyowetsani msanjiko uliwonse pawokha mukamasanja, ndipo ngati muli ndi beseni lalikulu, viikani masambawo usiku wonse musanawaunjike. Poyesa, tapani dzanja limodzi m'kati n'kufinya. Likhale lonyowa ngati chovala chofinya kale: kadontho kamodzi kapena tiwiri, basi. Madzi akachucha ndiye achuluka, mulu uyamba kununkha chivundi, ndipo mankhwala ake n'kuonjezera masamba ouma ndi kutembenuza. Za bilu ya madzi musade nazo nkhawa kwambiri. Otsukira ndiwo, mpunga ndi otsukuluzira zovala komaliza amakwana, bola asakhale a sopo wambiri kapena a jiki.

Mukamaliza, zikani ndodo yaitali pakati n'kufunditsa mulu ndi ziguduli kapena masamba a nthochi. Pakatha masiku atatu kapena anayi, zulani ndodoyo muigwire. Ikakhala yotentha ndi yonyowa, ntchito ikuyenda. Yozizira ndi youma ikufuna madzi. Yozizira koma yonyowa ikufuna zitosi kapena zaziwisi. Masabata awiri kapena atatu aliwonse tembenuzani ndi fosholo, za m'mbali zipite pakati, zapakati zibwere m'mbali, uku mukuwaza madzi pouma.

Kwa amene amachoka m'mamawa n'kubwera kutada, alangizi a zaulimi amaphunzitsanso njira ya chimato. Mumasanja chimodzimodzi, koma pomaliza mumamata mulu wonse ndi matope ngati uvuni wa njerwa, n'kusiya kabowo pamwamba kotulukira mpweya. Matopewo amasunga chinyezi ndi kutentha, ndipo simutembenuza. Pakang'ambika, matanipo. Ubwino wina m'tauni ndi wakuti nkhuku za aneba sizipalasa, ndipo alandilodi sanena kuti mwayambitsa dzala pabwalo.

Manyowa amapsa pakatha miyezi iwiri kapena itatu. Mudzawadziwa chifukwa mulu umatsika pafupifupi ndi theka, umazizira, umada, ndipo umanunkhira ngati dothi la m'nkhalango mvula itangowaza. Amene sanapse musathamangire nawo kudimba, amachititsa mbewu chikasu. Timitengo totsalira tichotseni mukaike pansi pa mulu wotsatira. Pabedi la mpiru kapena repu, sakanizani ndowa imodzi ndi dothi pa mita iliyonse. Pachimanga, manja awiri odzaza paphando musanabzale. Mulu wosanjidwa mu Ogasiti umakhala utapsa mu Novembala, mvula yobzalira isanakhazikike. Otsala asungeni m'matumba pamthunzi, ofunditsa, kuti dzuwa ndi mvula zisawasukulutse.