Mukupita ku India kukaphunzira kapena kukalandira chithandizo? Samalani ndi udzudzu woluma masana

Amalawi tinakula tikudziwa udzudzu wa malungo, uja wotchedwa Anopheles, umene umaluma usiku, ndipo chitetezo chathu ndi kugona m'neti. Nzeru imeneyi ndi yabwino, koma payokha sikwanira mukafika ku Delhi, Mumbai, Bengaluru kapena Chennai. Kumeneko matenda obwera ndi udzudzu ovuta kwambiri m'mizinda ndi dengue ndi chikungunya, ndipo amafalitsidwa ndi udzudzu wa mtundu wina wotchedwa Aedes aegypti. Ndi wakuda, wa mizeremizere yoyera m'miyendo, ndipo umaluma masana, makamaka m'mawa dzuwa litangotuluka ndi madzulo lisanalowe. Umakonda akakolo ndi miyendo, choncho umakupezani muli m'kalasi, pa desiki kapena pa benchi ya kuchipatala. Ku Delhi matendawa amachuluka mvula ya monsoon ikamatha, makamaka mu Seputembala ndi Okutobala. M'chaka cha 2015 mzindawu unapeza odwala dengue oposa 15,000.

Ntchito yaikulu ndi yosaka madzi amene udzudzu umaswanamo. Udzudzu umenewu suswana m'madambo ayi, umaswana m'madzi oyera okhala m'ziwiya pafupi ndi anthu: ndowa ya kubafa, mbale ya pansi pa mphika wa maluwa, kathireyi ka kuseri kwa firiji, thanki ya padenga yosatsekedwa bwino, matayala akale, zitini. Ku Delhi nyumba zambiri zili ndi makina oziziritsa mpweya okhala ndi madzi m'kati, amene amawatcha cooler, ndipo amenewa ndiwo malo oswanirana kwambiri. Dzira limasanduka udzudzu wouluka m'masiku 7 mpaka 10, n'chifukwa chake muyenera kusankha tsiku limodzi pa sabata lokhuthula madzi onse. Kukhuthula kokha sikukwanira. Mazira amamatirira m'mbali mwa chiwiya pamwamba pang'ono pa madzi, ndipo amakhala amoyo kwa miyezi ingapo ngakhale chiwiyacho chitauma. Mukathiramo madzi atsopano amaswa. Choncho kwechani m'mbali ndi burashi, muumitse, kenako mudzaze ndi kuvundikira. Udzudzuwu suuluka mtunda wautali, ndiye ukakulumani m'chipinda, fufuzani m'nyumba momwemo ndi kwa anansi. Ngati muli ku hositelo, uzani woyang'anira za thanki ndi ma cooler a m'makonde.

Mankhwala opaka pakhungu muwerenge zolembedwa pa botolo musanagule. Abwino ndi okhala ndi DEET wa 20% mpaka 30%, kapena picaridin wa 20%. Pakani pamalo onse osavala, osaiwala akakolo, kuseri kwa khosi ndi zigongono, koma osati m'maso, pakamwa kapena pabala. Thukuta limawachotsa, motero pakaninso monga botolo lanenera. Ngati mumapakanso mafuta oteteza ku dzuwa, yambani amenewo, a udzudzu abwere pamwamba. Mwana wosakwana miyezi 2 musamupake, mufunditseni neti pogona pake ngakhale masana. Valani thalauzi, sokosi ndi malaya aatali manja otakasuka, chifukwa udzudzu umaboola nsalu yothina. Neti musaisiye, popeza malungo nawo aliko ku India.

Tsopano pa zimene zimavulaza anthu athu. Dengue imayamba pakapita masiku 4 mpaka 10 chilumidwire: thupi kutentha kwambiri mpaka 40°C, mutu, kupweteka kuseri kwa maso, kuphwanya m'mafupa, nthawi zina zidzolo. Mmalawi akamva zimenezi amati ndi malungo, n'kutulutsa LA yemwe anabwera naye kuchokera kumudzi. LA sachiza dengue, chifukwa dengue imayamba ndi vairasi. Choopsa kwambiri ndi kumwa asipirini, Brufen kapena diclofenac. Dengue imachepetsa tizigawo ta magazi totchedwa platelets timene timathandiza magazi kuundana, ndipo mankhwala amenewa amawonjezera ngozi yotaya magazi. Imwani paracetamol yekha, uja timamutcha Panado: wamkulu 500 mg mpaka 1,000 mg pa maola 6 aliwonse, osapitirira magalamu 4 pa tsiku. Imwani madzi ambiri, a ORS, supu kapena madzi a kokonati, ndipo pitani kuchipatala tsiku loyamba kapena lachiwiri mukayezetse malungo ndi dengue zonse. Kuyeza kotchedwa NS1 kumaonetsa dengue bwino m'masiku 5 oyambirira.

Nthawi yoopsa ndi pamene kutentha thupi kwatsika, kawirikawiri pakati pa tsiku lachitatu ndi lachisanu ndi chiwiri. Wodwala amaganiza kuti wachira, pamene madzi a m'magazi angakhale akutuluka m'mitsempha. Mukaona kupweteka m'mimba kwambiri, kusanza kosalekeza, magazi m'nkhama kapena kamfuno, chimbudzi chakuda, kupuma mofulumira, kufooka kwambiri kapena manja ozizira, thamangirani kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku. Wodwala asagone yekha m'chipinda masiku amenewa. Mnzake akhale pafupi. Azigonanso m'neti usana ndi usiku sabata yoyamba, kuti udzudzu usatenge vairasi kwa iye n'kupatsira ena.

Amene anadwalapo dengue asadziyese wotetezeka. Vairasiyi ili m'mitundu 4, ndipo kudwala kachiwiri ndi mtundu wina kungakhale koopsa kuposa koyamba. Muuzeni dokotala ngati munadwalapo.

Akakupezani ndi malungo ku India, funsani kuti ndi a mtundu wanji. Kumeneko kulinso a vivax, amene tizirombo take timabisala m'chiwindi n'kudzukanso pakapita miyezi. Amenewa amafuna mankhwala owonjezera a primaquine, kawirikawiri kwa masiku 14, ndipo musanayambe kumwa ayenera kukuyezani magazi kuona G6PD, chinthu cha m'magazi chimene chikachepa primaquine angawononge maselo ofiira a magazi. Mukabwerera kumudzi n'kutentha thupi m'masabata 2 oyambirira, uzani adokotala dziko limene mwachokera, chifukwa akayeza malungo n'kusawapeza sangaganizire za dengue ngati simunanene.